Mitengo ya a Giriki

Dorcas anali akutsuka mbale za anthu a pamaliro kuseri kwa nyumba pamene anamva msomali ukulira kumitengo. Kwiii! Kenaka kanthu kachitsulo kanagwera m'ndowa. Anaimitsa manja m'madzi. Phokoso limenelo analidziwa bwino, pakuti anakulira m'nyumba ya munthu wokhoma zidebe, koma mwini hamala anali ataikidwa m'manda dzulo lake.

"Amayi, kodi ndani ali kumitengo?"

A Nambewe anali atakhala pamphasa pakhonde, miyendo atatambasula, maso ali pansi.

"Achimwene ako. Akuti akuchotsa malata."

"Akuchotseranji?"

"Kawafunse wekha. Ine mutu wanga sukugwira."

Malemuwo dzina lawo anali a Teofilo Kamphinda, koma mukanafunsa dzina limenelo pa Nambuma kapena pa Kasiya, anthu akanakuyang'anani ngati mwasochera. Onse ankawadziwa kuti a Giriki. Ali mnyamata anakhalako zaka zitatu ku seminale, nabwerako opanda mkanjo. Ena amati anawabweza chifukwa cha mtsutso, ena amati pa holide ina anaona a Nambewe akuchokera kumadzi, unsembe n'kuthera pomwepo. Chimene anabwera nacho chinali kabuku kothothoka masamba ka mayina a Chigiriki, ndi mutu wodzaza nawo.

Ntchito yawo inali kukhoma ndowa, mbaula ndi makheni othirira dimba, koma ulemu wawo unali pa mayina. Mwana akatuluka m'chikuta, makolo ankabwera naye pansi pa shedi yawo. A Giriki ankapukuta manja, n'kumuyang'ana khandalo nthawi yaitali ngati akuyeza lata, kenaka n'kutchula. Sankapereka dzina lopanda nkhani.

"Uyu ndi Joji. Kwawo kwa dzinali amati Georgios, ndiye kuti mlimi. Mafumu a ku Mangalande aja ankatchedwa alimi osadziwa. Uyu alidziwe."

Kapena: "Uyu ndi Filipo, wokonda akavalo. Poti kuno kulibe akavalo, akonda abulu."

Wina akadandaula kuti kuchipatala alemba dzina la mwana mosiyana ndi la pakhadi la ubatizo, iwo ankaseka mpaka kutsokomola. Amati Angerezi amene mumawaopawo dzina la Katarina amalilemba njira zisanu, okhaokha osagwirizana, ndiye ife tikati Katalina talakwira ndani? Amati dzina ndi lapaulendo, likafika pamudzi limavala za pamudzipo, koma limakhala lomwe lija.

Wotcha dzina amayenera kupereka mphatso kwa mwana, nkhuku kapena kansalu. A Giriki nkhuku analibe. Choncho mwana aliyense ankamudzalira mtengo m'munda wa akazi awo wa kumunsi, n'kukhomapo kachidutswa ka lata kodulidwa ku zotsala za zidebe. Pamwamba ankaboola ndi msomali dzina la mwanayo m'zilembo za Chigiriki, pansi pake momwe Angerezi amalembera, pansi penipeni momwe pamudzi amatchulira. Zaka makumi anayi zinabala mitengo yoposa mazana awiri: mbawa, mitangatanga, misangu, mikesha. Dziko lonse lozungulira linali litayera ndi nkhwangwa, koma wokwera njinga akafika pa chitunda ankaona kachidutswa kobiriwira, n'kudziwa kuti wafika kwa a Giriki. Dorcas ankayenda mutu uli mmwamba chifukwa cha mitengo imeneyo, ndipo pa ana onse ndi iye yekha amene anaphunzira kuwerenga zilembozo.

Komabe panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanapondemo. Chaka chimene anakwatiwa ndi Yusuf, mwini golosale ya pa Kabudula, n'kulowa Chisilamu, n'kulandira dzina loti Rahma, bambo ake sanabwere ku ukwati. Patapita sabata, mlongo wake Damiano anamutumizira uthenga kuti bambo achotsa lata lake pamtengo. Kuyambira pamenepo ankabwera ndithu kumudzi ndi shuga ndi sopo, kugwada, kulonjera, kukamba za mvula. Bambo ake sankamutchula Dorcas, sankamutchulanso Rahma. Atabereka mwana woyamba ankangoti "amake Zuwena". Zinkamuwawa, koma mwana wa a Giriki safunsa kawiri. Njira ya kumitengo anangoisiya.

Tsopano anamanga bwino khanda lake Iddi kumbuyo, natsika mpaka pa malire a munda. Anaima pomwepo. Damiano anali pa mtengo wachitatu kuchokera m'mphepete, malaya atavula, akulimbana ndi msomali umene khungwa linali litaumeza.

"Achimwene, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Wabwera kudzathandiza?"

"Ndabwera kudzafunsa. Mukutani?"

Damiano anaponya lata m'ndowa. Anali kondakitala wa minibasi ku Lilongwe, munthu wozolowera kuyankha mofulumira.

"A Mathias a ku Nsaru, owotcha njerwa aja, abwera Loweruka ndi macheka a injini. Akuti misomali imathyola mano a macheka, ndiye ndichotseretu."

"Mwagulitsa mitengo ya bambo? Dothi la pamanda lisanaume?"

"Sindinagulitse. Ndikauza amalume pa kusesa pompano. Iwe unaona denga la amayi? Mvula ikabwera amagona atakhala tsonga, beseni pamiyendo. Munda wa maekala awiri zaka makumi anayi ukubala masamba. Mayina sadyedwa, mlongo wanga."

Za dengazo zinali zoona, ndipo Dorcas anabwerera ku mbale zake.

Dzuwa litakwera, achibale anasonkhana pansi pa shedi ya malemu. Anthu a m'mudzi amene anagona pasiwa anali asanabalalike, ndipo anakhala chapatali, makutu ali kuno. Amalume awo, a Isaki, mlongo wa a Nambewe, ndiwo anatsogolera zokambirana. Anali munthu wofatsa, woweta nkhunda, wodana ndi phokoso. Zovala anagawa popanda vuto. Njinga inapita kwa Damiano. Zida zokhomera zidebe anati zikhale kaye. Kenaka Damiano anaika ndowa ija pakati.

Analankhula bwino, tisamunamize. Anatchula denga, anatchula feteleza, anatchula msinkhu wa mayi ake. Anati malata sataya: aliyense atenge lake akasunge kunyumba, chikhale chikumbutso. Mitengo idulidwe, amayi afoleredwe nyumba, munda ulimidwe soya.

A Isaki anakanda kumutu. "Mundawo ndi wa alongo angawa. Inu mukuti bwanji, a Nambewe?"

"Ana alankhule," anatero a Nambewe.

Dorcas anasendera pa ndowa, napisa dzanja, natulutsa lata limodzi ladzimbiri. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Eirene," anawerenga mokweza, mmene bambo ake ankatchulira, kukoka mawu. "Irene. Ayirini. Ndiye kuti mtendere."

Kumbuyo kwa gulu mayi wina wonenepa, wogulitsa tomato, anadzidzimuka. "Ndine ameneyo!"

"Stephanos. Stephen. Sitefano."

"Ali ku Joni," wina anayankha. "Koma mtengo wake ulipo, mtangatanga wokhota uja."

"Agathe. Agatha. Agata."

Apa bambo wina wachikulire anavula chipewa. Agata anamwalira ali ndi zaka ziwiri, kale kwambiri, ndipo manda ake anali atafafanizika. Chimene chinatsala chinali mbawa imene anthu awiri sakanatha kuikumbatira.

"Amalume," anatero Dorcas, "mundawo ndi wa amayi, sindikukana. Koma mitengoyi bambo anapereka kale. Inali nkhuku zawo. Kodi munthu amagulitsa nkhuku imene anapatsa kale mwana wa mnzake?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Damiano anaona kuti nkhani ikumupulumuka, ndipo anachita chimene munthu wopanikizika amachita: anagwira pa bala.

"Amalume, uyu asatiphunzitse za bambo. Pano alibe mawu. Lata lake bambo anazula okha, ine ndikuona ndi maso angawa, sabata yomwe anavala mpangowu. Analiika m'thumba osalankhula kanthu. Lero ndiye akhale mlonda wa mitengo imene mwini wake anamuchotsamo?"

Iddi anayamba kulira kumbuyo, ndipo Dorcas anamugwedeza pang'onopang'ono mpaka analeka. Anayang'ana mayi ake, koma a Nambewe anali akuchotsa kaudzu pa chitenje chawo.

"Chabwino, achimwene," anatero. "Tiyeni tikaone tonse. Ngati pamtengo wanga palibe dzina langa, ine nditseka pakamwa. Mudule, ndipo sindidzatchulanso."

"Wanena wekha."

"Ndanena."

Ananena monyada. Koma iye mwini ankakhulupirira kuti latalo palibe. Chimene ankafuna n'choti akaone ndi maso ake, kuti zaka zisanu ndi chimodzi za kuganiza zithere pamenepo.

Anatsogola. Atangolowa m'mitengo kutentha kwa Okutobala kunatsalira kunja, ndipo masamba ouma ankalira kumapazi. Zonse zinali monga kale, kungoti zinatalika. Malata ankang'anima uku ndi uku, ena atsopano, ena atamezedwa theka ndi khungwa. Anthu amene ankatsatira anayamba kupatuka mmodzimmodzi, aliyense kulowera kwa wake, kuugwira, kuyang'ana mmwamba. Mayi wa tomato uja anali akukangana kale ndi mnzake kuti wake ndi wonenepa kuposa wa mnzakeyo.

Mbawa ya Dorcas inali kumapeto, pafupi ndi dambo. Ali mwana, bambo ake ankamunyamula kuti akhudze chilembo choyamba cha dzina lake, chija cha ngodya zitatu. Amati ndi kanyumba. Amati iwe ndi Damiano nonse mumayamba ndi kanyumba, ndiye musadzasowe kwanu.

Anafika, nayang'ana. Pakhungwa panali chipsera cha ngodya zinayi, ndi timabowo tiwiri ta misomali. Lata panalibe.

Ankaganiza kuti anakonzeka, koma sanakonzeke. Anaika chikhatho pa chipseracho, ndipo chisoni chimene sichinabwere dzulo kumanda chinabwera tsopano, chonse nthawi imodzi. Damiano anaima pambali, hamala ili m'manja. Anapambana, koma nkhope yake sinali ya wopambana.

"Waona," anatero motsitsa mawu. "Sindimanama."

"Ndaona, achimwene. Dulani."

"Iwe Dorika!"

Anali a Nambewe, akubwera pang'onopang'ono kumbuyo kwa onse, atagwira mkono wa a Isaki.

"Kodi mtengo uli ndi mbali imodzi? Tazungulira uko, koyang'ana njira ya ku Kabudula."

Dorcas anazungulira. Pamsinkhu wa maso ake panali lata lalikulu kuposa ena onse, losachita dzimbiri, m'mphepete mwake mopindidwa bwino kuti lisacheke munthu. Pamwamba panali kanyumba kaja ndi zilembo zinzake. Pansi pake, Dorcas. Pansi pake, Dorika. Pansi pake, Rahma. Ndipo pansi penipeni panali mzere wina wa timabowo, wokhotakhota, woyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Linali dzina lomwelo m'zilembo za Chiarabu, monga ankaliona pa chikalata chake cha ukwati.

"Lakale lija linachepa," anatero a Nambewe akupuma. "Amati mayina achuluka, malo palibe. Katatu konse anapalasa njinga kupita ku Kasiya kwa a Adamu atelala kuti awalembere nyongolotsi zimenezo papepala. Malata anayi anaononga. Amati akalakwitsa kadontho kamodzi, apongozi ako adzakuseka."

"Ndiye osandiuza bwanji, amayi? Zaka zonsezi?"

"Anandiletsa. Amati akadzabwera adzaona yekha. Iwe osabwera kuno, iwo osakuitana. Ine ndikanatani ndi anthu awiri a mutu umodzi? Ukwati uja unawapweteka, usaganize kuti ayi. Mwezi wathunthu sankadya bwino. Koma amati iwo anakhala zaka akuphunzitsa mudzi wonse kuti dzina likavala zina limakhala lomwe lija, ndiye akane pa mwana wawo yemwe?"

Dorcas anayendetsa chala pa timabowo tija, mzere ndi mzere. Anali kulira, koma mtima unali utakula ngati uphulika. Amenewo ndiwo anali bambo ake: pakamwa pouma ngati lata, koma kupepesa kwawo kochita kupalasira njinga.

Damiano anabwera, nawerenga.

"Ine ndinangoona akuzula," anatero.

"Unaona theka, n'kuthamanga nalo," anatero a Nambewe. "Nanga lako, poti unayamba ndi lako m'mawa muja, unaliwerenga?"

Ndowa inali itabwera ndi a Isaki. Damiano anafufuza mpaka pansi, natulutsa lake. Damianos, Damian, Damiano. M'munsi mwake, mothinana chifukwa malo anali atatha, munali mzere watsopano: Bigi Dee. Limenelo linali dzina lake la ku depoti, limene bambo ake atalimva koyamba anati ndi dzina la galu wa mzungu.

Anaseka kamodzi, kuseka kosweka, n'kutembenukira kudambo kuti anthu asamuone nkhope. A Isaki anapeza chochita ndi chingwe cha nsapato yawo.

"Denga likudonthabe," anatero Damiano patapita nthawi, osatembenuka.

"Likudontha," anavomera a Isaki. "Mabulugamu a m'malire aja alibe mayina. A Mathias ayambe amenewo."

"Sangakwane."

"Sangakwane, inde. Zotsalazo mukambirane awirinu ngati anthu obadwa mimba imodzi."

"Ndikalankhula ndi a Yusuf," anatero Dorcas. "Mvula isanagwe tikhale titafolera, ngakhale chipinda chimodzi."

Damiano anatola ndowa, nayang'ana malata makumi atatu amene anazula m'mawa, kenaka mitengo yonse ija.

"Ena sindikukumbuka ndinawachotsa pati."

"Eni ake alipo," anatero a Nambewe. "Afunse."

Damiano anapita. Posakhalitsa kunamveka hamala, ndi mawu a mayi wa tomato akumulangiza kuti akhome mowongoka.

Dorcas anatsala ndi mayi ake. Pamene ankati azibwerera, a Nambewe anamukoka chitenje, naloza ndi mutu kuseri kwa chulu, mapazi ochepa kuchokera pa mbawa yake. Panali timitengo tiwiri totchingidwa ndi minga kuopa mbuzi. Kena kanali kofika m'chiuno, kena kanali ndi masamba asanu ndi limodzi okha. Poti tinali tisanakule pofika pokhomapo msomali, malata ake anali pa zikhomo.

Dorcas anagwada. Zuwena. Iddi. Mayina amenewa sanawatche ndi a Giriki, anatchedwa kwa apongozi, ndipo m'kabuku kothothoka kaja munalibe. Koma pamwamba pa lililonse, pamalo pa dzina lakalekale, a Giriki anali atalilemba m'zilembo za Chigiriki, mosamala, ngati kuti nalonso linachokera kutsidya kwa nyanja zaka zikwi zapitazo. Dorcas anawerenga chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda, mpaka dzina la mwana wake wamkazi linatuluka lathunthu.

Pambali pa kamtengo kalikonse panapachikidwa chitini choboola kabowo kamodzi kunsi, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono tsiku lonse. Zitini zonse ziwiri zinali zouma. Kheni inali chigonere pa udzu.

"Lachiwiri lija bambo ako anagwera pomwepa," anatero a Nambewe. "Ndinawaletsa, ndinati miyendo yatupa, dikirani mvula. Amati wamng'onoyu sangadikire."

Dorcas anamasula Iddi kumbuyo, namupereka kwa agogo ake. Anatola kheni ija, naigwedeza kuchotsa nyerere, n'kutsikira kuchitsime cha kudambo.